Kabuku ka Amayi a pa Fotokope

Mvula ya ku Zomba sipempha malo. Umangoona phiri lafunda mtambo kuyambira ku Chawe, kamphepo kozizira n'kutsika motsata Mulunguzi, ndipo usanaganize kothawira, madzi ali kale m'khosi. Tsiku limenelo idandipeza nditavula nsapato imodzi, phazi nditaponda pa katoni, ndikudikira bambo wina wosoka nsapato pakhonde la masitolo pafupi ndi depoti kuti andimatire soli. Wa nsapato imodzi sathamanga. Ndidakhazikika pa benchi, ndipo zonse ndikulembazi ndidazimvera pomwepo.

Pakhondepo tidalipo asanu: ine, bambo a nsapatowo, mnyamata wa kabaza amene adakankhira njinga yake yamoto pansi pa malata, mtsikana wa m'kanyumba kotumizira ndalama pafoni, ndi mayi ena achikulire a shopu ya fotokope. Magetsi adali atazima chiyambire m'mawa, makina awo ali zii, iwo atatulutsa kampando n'kukhala pakhomo. Adali ndi magalasi a chingwe cha m'khosi, imvi zikusuzumira m'mphepete mwa duku, msana uli chilili ngati munthu amene adachita kuphunzitsidwa kakhalidwe ka pampando.

Adapisa m'thumba la siketi n'kutulutsa kabuku ka chikuto chofiira, kopindika m'makona, ndi pensulo yaifupi.

"Tabwera mwana wanga, poti makasitomala athawa mvula. Undionetsenso zadzulo zija. Munthu akanditumizira chithunzi cha satifiketi pa WhatsApp, ndimadina pati kuti chikhale PDF?"

"Amayi, kachitatu kameneka," adatero mtsikanayo, koma akutuluka m'kanyumba kake.

"Kachinayi. Koyamba kaja sunawerenge chifukwa maganizo ako anali kwina."

Mtsikanayo adagwada pambali pawo n'kuyamba kufotokoza, chala chikuyenda pa galasi la foni. Amayiwo sadaigwire foniyo. Ankangolemba. Nditasendera pang'ono ndidaona kuti m'kabukumo mudalibe chilembo n'chimodzi chomwe chimene ndimachidziwa. Mudali timizere, tingowe, timadontho, ngati pamene nkhuku yapalasa pa mchenga wonyowa. Mnyamata wa kabaza nayenso adasuzumira.

"Mami, Chiarabu chimenechi?"

"Shotihandi, mwanawe. Ya Pitman. Sitilemba zilembo, timalemba mmene mawu akumvekera. Ukuona kamzere aka kowonda? Ndi p. Ndikakanenepetsa pang'ono kakhala b. N'chifukwa chake ndimafuna pensulo, bolopeni sidziwa kunenepetsa."

Mnyamatayo adaseka, osati mwachipongwe, koma kuseka kwa munthu wodabwa. "Koma mami, pa msinkhu wanuwu mukadali pasukulu? Ana anu sakukutumizirani? Bwanji osangopuma?"

Bambo a nsapato, ulusi uli kukamwa, adaponyapo lawo. "Ndimawauza ine. Mtengo amauwongola ukadali waung'ono. Ifeyo tinauma kale."

"Ine sindine mtengo, achimwene," adayankha amayiwo osadzutsa mutu. "Mtengo umafera pomwe unamera. Ine ntchito yandithawa katatu, ndipo katatu konse ndaitsatira wapansi."

Mvula idakula, malata akulira moti aliyense adayenera kukweza mawu. Mwina n'chifukwa chake nkhani imene anthu amanong'onezana idakambidwa mokweza tsiku limenelo.

"Sukulu ndinasiyira Fomu 3, mu 1982. Sindinasiye ndekha, anandichotsa. Ndinali ndi pakati. Masiku amenewo ahedi ankangokuitana, kukupatsa kalata, basi kazipita. Mnzako wakupatsa mimbayo mawa lake ali m'kalasi, yunifomu ili mbee."

Adanena zoona. Boma lidayamba kulola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu mu 1993, ndipo amene adachotsedwa chaka chimenecho chisanafike adapeza chitseko chokhoma ndi loko. Ambiri mwa iwo ndi amayi a zaka za m'ma 50 ndi 60 amene timawaona pamsika atayala tomato ndi matemba a ku Chilwa. Timati "sadapite patali ndi sukulu," ngati kuti adafika pamphambano n'kusankha okha njira yaifupi.

Mwana atasiya kuyamwa, azakhali awo adagulitsa mbuzi ziwiri n'kuwatumiza ku Limbe, ku kasukulu kena kophunzitsa kutayipa. Pofotokoza za kumeneko nkhope yawo idawala, ndipo manja adayamba kuyenda okha pa maondo. Mphunzitsi wawo ankaphimba makiyi a taipilaita ndi katoni kuti maso asathandize zala. Ukayang'ana pansi, rula pa nkhonyo. Kalata imodzi ankaitayipa ndi mapepala a kaboni awiri kuti ituluke makope atatu, ndiye ukalakwitsa chilembo chimodzi walakwitsa patatu, ufufute patatu. Zofuna makope ambiri ankazidula pa sitensulo, riboni atachotsa, ndipo polakwika ankapakapo kamankhwala kofiira konunkha ngati kopaka m'zikhadabo, kenaka n'kukapukusa Gestetner ndi dzanja mpaka phewa kuwawa.

"Munthu ankaganiza kaye asanamenye kiyi," adatero. "Pepala linali ndi mtengo, ndipo bwana ankaliyang'anitsa padzuwa kuti aone ngati wafufuta."

Ntchito adaipeza mu 1985, konkuno ku Zomba. Likulu lidali litasamukira ku Lilongwe zaka khumi m'mbuyomo, koma tauniyi idatsala ndi maofesi ake: aphungu ankakumanabe konkuno, kosindikizira mabuku a boma kudali konkuno, kosungira zolemba zakale za dziko chimodzimodzi. Mataipilaita ankalira m'makonde ngati matalala. Ofesi yawo sadaitchule dzina, ndipo palibe adafunsa. Adangoti adalimo matayipisiti asanu m'chipinda chimodzi, onse akazi, onse a JC.

"Mu 1997 kunabwera chibokosi. Anachiika m'chipinda chachokha, kuchifunditsa nsalu ngati mkwatibwi, n'kulemba kamnyamata kongochoka kukoleji kuti kazichigwiritsa ntchito. Ife anatiuza kuti tisachikhudze, tingachiononge. Anzanga anati, 'Ife takalamba, zimenezo n'za ana.' Wamkulu mwa ife anali ndi zaka 38. Tamvani, 38, akuti wakalamba! Ine ndinaona kuti kalata imene ndimaitayipa katatu, kamnyamatako kakuikonza kamodzi n'kutulutsa makope khumi. Ndinadziwa kuti chimene chafundidwa nsalucho ndi maliro athu."

Adapita kwa mnyamatayo nthawi ya nkhomaliro atanyamula mandasi. Adagwirizana. Iye ankadziwa makina koma kalata ya ofesi sankaidziwa: pokhala nambala ya fayilo, pokhala mutu, kalata yodzera kwa wina imalembedwa bwanji, makope amapita kwa yani. Amayiwo ankamuphunzitsa zimenezo, iye n'kumawaphunzitsa kompyuta, masana theka la ola, madzulo anthu akaweruka ola lathunthu.

Apa ndi pamene ndidatchera khutu kwambiri, chifukwa adanena chinthu chimene sindidachimvepo kwa aphunzitsi a zamaphunziro a akulu.

"Makiyi anali omwewo, a s d f, zala zinkadziwa kwawo. Chinandisautsa ndi dzanja ili." Adakweza lamanzere. "Pa taipilaita, kabelu kakalira kumapeto kwa mzere, dzanja limakankha chitsulo kuti ubwerere koyambira. Zaka khumi ndi ziwiri likuchita zimenezo. Pa kompyuta mzere umatsika wokha, koma ine ndinkamenya Enter pamapeto pa mzere uliwonse, ndipo dzanjali linkauluka kukasaka chitsulo chomwe kulibe. Tsiku lina ndinagwetsa kapu ya tiyi ya mwiniwake. Makiyi ndinkawamenya ngati ndikukhoma msomali. Mbewa ya kompyuta ija ndinainyamula m'mwamba n'kumailozetsa pa sikirini. Kamwanako kanaseka mpaka misozi. Ndinapita kuchimbudzi, ndinalira, ndinasamba kumaso, ndinabwerera."

"Munabwereranso?" adafunsa mtsikanayo.

"Nanga mandasi anga akanapita pachabe?"

Onse adaseka, koma bambo a nsapato adaika pansi nsapato yanga n'kupukuta manja pa thalauza. "Mayi, nkhani ya madzulo ija ine ndinaimva nthawi imeneyo. Tauni yonse inkanena kuti mkazi wa uje amatsalira mu ofesi ndi kamnyamata. Ndisaname, nanenso ndinanenapo. Pakhonde pompano."

"Ndikudziwa, achimwene. Mawu a pakhonde amafika."

"Pepani."

"Zinapita. Malemu bambo a kunyumba atamva, sanandifunse kanthu. Anagula tochi. Tsiku lililonse ankabwera kudzandidikira pageti, kukhala ndi alonda mpaka nditamaliza, n'kupita nane ku Sadzi wapansi. Amene ankanena aja ankationa tikudutsa awiriwiri. Inatha yokha."

Ndakhala ndikuiganizira tochi imeneyo. Mwamuna akamaphunzira usiku timati ndi wolimbikira. Mkazi akamaphunzira usiku timafunsa kuti ali ndi yani. Fizi ya mkazi wapantchito sithera pa ndalama: amalipiranso ndi mbiri yake, ndi nsima imene iyenera kupsa nthawi yake ngakhale mawa kuli mayeso, ndi mdima wa pakati pa kalasi ndi kunyumba. Amayiwa adapeza wowanyamulira tochi. Ndikudziwa ena amene mabuku awo adaponyedwa pamoto ndi amuna awo, ndipo anthu adati mwamunayo akuteteza banja.

Bambowo adamwalira mu 1999. Maliro atangotha, abale a mwamuna adabwera ndi lole. Adatenga masofa, bedi, wailesi, njinga, mpaka mbale za alendo. Pakona padali taipilaita ya Olivetti imene amayiwo adaigula motchipa ofesi itayamba kutaya makina akale. Mlamu wawo wina adainyamula, adaiona kulemera, n'kuibweza pansi, amvekere chitsulo ichi n'cha ntchito yanji. Lamulo lamphamvu loletsa kulanda chuma cha masiye lidadza mu 2011. Mu 1999 mkazi wamasiye ankangoima pakhomo n'kumawerenga katundu akukwera.

"Ndiye kompyuta ija inakupulumutsani," adatero wa kabaza.

"Inandisunga zaka zisanu ndi chimodzi. Anzanga anayi aja anapita ndisanapite ine. Koma mu 2003 anabwera ndi zoti aliyense wa mu ofesi akhale ndi MSCE. Ine ndinkatayipa malipoti a mabwana, kuwakonzera Chingerezi chawo chomwe, koma pepala ndinalibe. Anandipatsa kalata. Ndipo kalata yondichotsa ntchitoyo," adaima kaye, "inali ndi zolakwika ziwiri."

Sadaseke ponena zimenezi, ndipo ifenso sitidaseke.

Adatsika kuchoka pa kompyuta kubwerera pa Olivetti ija. Ankainyamula pamutu m'mawa uliwonse, kukaiika pa katebulo pansi pa mtengo pafupi ndi maofesi a boma, n'kumatayipira anthu makalata: ofunsira ntchito, opita kukhoti, odandaula za malo, opempha ndalama za malemu. Amene ankawapatsa moni wa ulemu mu ofesi tsopano ankawadutsa akuyang'ana kumbali. Chaka chotsatira, ali ndi zaka 39, adakalembetsa sukulu ya madzulo, ija timati ya naiti.

Adafotokoza tsiku loyamba mwakachetechete. Atalowa m'kalasi ana onse adaimirira, kuyesa kuti ndi aphunzitsi. Atakhala pa desiki, kalasi lonse lidati gwaa kuseka. Ena mwa anawo adali anzake a mwana wawo wotsiriza, oti ankabwera kunyumba kudzadya mbatata. Mphunzitsi wa masamu adali mnyamata amene iwo adamutayipira kalata yofunsira ntchito yomweyo. Iye ankachita manyazi kuwafunsa funso, mpaka adachita kumutsatira panja n'kumuuza kuti, "Aphunzitsi, muno sindine mayi anu. Ndikalakwa mundiuze pamaso pa anzanga ngati wina aliyense, apo ayi ndalama yanga mukundibera."

Mayeso oyamba adakhoza maphunziro asanu. Satifiketi ya MSCE imafuna asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Idawaphonya ndi phunziro limodzi.

"Ndinagona masiku awiri osatuluka. Lachitatu ndinawerenga ndalama za m'chitini n'kukalembetsanso."

"Mphini yobwereza imawala," adatero bambo a nsapato, amene tsopano adali ataiwala za mtengo wouma uja.

"Imawala, koma imawawanso kawiri. Ndinakhoza mu 2006."

Mnyamata wa kabaza adakanda m'mutu, ndipo adafunsa funso limene ine ndidali nalo koma ndikuopa kulitulutsa. "Mami, musandimve molakwa. Inetu MSCE ndili nayo, mapointi abwinobwino, koma ndi ine pano ndikuyendetsa njinga ya bwana. Inuyo pepalalo linakupatsani ntchito?"

"Ayi."

"Ndiye?"

"Ndinalemba makalata ofunsira ntchito oposa makumi awiri, otayipa bwino kuposa a wina aliyense m'tauni muno. Palibe anayankha. Ndani angalembe mayi wa zaka 41 pomwe pali atsikana a madipuloma? Sindikunamiza, mwanawe, pepala si ntchito. Koma tamvera. Masamu amene ndinalephera koyamba aja ndi amene anandiphunzitsa kuwerengera kuti pepala limodzi la fotokope limandidyera zingati, inki, lendi ndi magetsi zili momwemo. Ndisanadziwe zimenezo ndinkagwira ntchito yothandiza anthu ndikuyesa ndikuchita bizinesi. Ndinalowa banki m'khonde, ndinabwereka, ndinagula kompyuta yakale ndi pulinta. Ana a ku Chanco okhala ku Chikanda anayamba kubwera ndi zolemba zawo zomalizira maphunziro, zolemba pamanja, ine kutayipa usiku wonse. Kenaka bungwe lina linkafuna anthu oti liwaphunzitse zamalamulo pang'ono kuti azithandiza anzawo m'madera. Linkafuna a MSCE. Tsiku limenelo pepala lija linanditsegulira chitseko."

Ndi maphunziro amenewo, adati, mayi wamasiye akabwera pashopu kudzachita fotokope chikalata cha imfa ya mwamuna wake, samangomulandira ndalama n'kumusiya. Amamufunsa ngati malemu adasiya wilu, ngati abale ayamba kale kuwerenga malata, ndipo amamuuza kuti apite kwa DC kapena ku ofesi ya Administrator General, atanyamula mapepala ati. Amuna angapo a m'tauni muno adawatayipira wilu iwowo, atawanyengerera kuti kulemba wilu si kudziitanira imfa.

"Lole ija siidzaimanso pakhomo pa mkazi amene wadutsa pashopu panga," adatero, ndipo kanali koyamba kuti mawu awo anjenjemere.

Kachitatu ntchito idawathawa mu 2020. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, ku Chikanda kudangoti zii, ndipo ophunzira atabwerera adabwera ndi malaputopu ndi mafoni, aliyense akudzitayipira yekha. Luso limene adalipeza ndi rula pa nkhonyo lidasiya kugulika. Lero kasitomala amalowa n'kunena kuti "ndakutumizirani pa WhatsApp, mungopulinta," kapena akufuna khadi la ukwati la maluwa, kapena pulogalamu ya maliro yokhala ndi chithunzi cha malemu pachikuto, ndipo akuifuna pomwepo. N'chifukwa chake kabuku kofiira kaja kadatuluka m'thumba.

Mvula idayamba kuchepa. Wa kabaza adapempha mtsikana uja kuti amusinthire ndalama, ndipo mwa zimene adalandira mudali ka K200 kakuda, kofewa ngati sanza. Adakagwedeza monyansidwa, amvekere masiku ano kameneka sikagula n'chitumbuwa chomwe.

"Tabweretsa," adatero amayiwo. Adakatambasula pa bondo. "Awa ukuwadziwa?"

"Mayi a pa thu handiredi."

"Rose Chibambo. Sukulu yawo ya sekondale anaimalizira ku naiti, konkuno ku Zomba, ali pabanja. Mu 1959 azungu anawatsekera kundende ili apayi ali ndi khanda la masiku ochepa. Ine ndikamapita ku naiti ndinkati, ngati anayenda mumdima womwewu iwowa, ndine yani ine?"

Mnyamatayo adakayang'ananso kandalamako asanakaike m'thumba. Ndidaganiza zoti mayi ameneyu, atatumikira m'boma loyamba la dziko lino, adathawa pa mkangano wa nduna wa 1964 n'kukakhala ku Zambia zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo nkhope yake idafika pa ndalama mu 2012, iye ali nkhalamba. Ndende yomweyo idasunganso Vera Chirwa, amene adakaphunzira zamalamulo ku London ali kale mayi wa ana n'kukhala loya woyamba wamkazi wa dziko lino. Adagwidwa mu 1981, adaweruzidwa kuti aphedwe, mwamuna wake Orton adafera m'ndendemo mu 1992, ndipo iye atatuluka mu 1993 ali ndi zaka 60 adayamba ntchito yatsopano yomenyera ufulu wa akaidi ndi amayi. Tauni ino yaona akazi oyambiranso ambiri, kungoti makoma ake salankhula.

"Ndipo musaiwale a Kachindamoto," adawonjezera amayiwo, akuloza ndi pensulo. "Zaka 27 ali sekilitale pa koleji ina konkuno, kutayipa ngati ine ndemwe. Atawaitana kwawo ku Dedza kuti akakhale mfumu, anakaphunzira ufumu ali wamkulu kale, n'kuthetsa maukwati a ana mazanamazana, atsikana kubwerera kusukulu. Sekilitale ameneyo! Anthu amayesa ife timangomenya makiyi. Zonse zodutsa m'zala zathu timaziwerenga."

Pali mawu amodzi amene ndinkayembekezera kuti wina awatchula pakhondepo, ndipo adawatchula ndi bambo a nsapato: "Koma mayi inu ndi wopirira." Amayiwo adapukusa mutu pang'ono, osayankha. Ndikuganiza kuti ndikudziwa chifukwa chake. Kupirira kumene timaphunzitsa ana aakazi, kuchinamwali, kumalangizo a ukwati, ngakhale kutchalitchi, ndi kwa kukhala pansi: banja ndi kupirira, usatulutse za m'nyumba, sunga khosi mkanda uoneka. Ndi kupirira kwa mwala, woti mvula ikugwere, dzuwa likuombe, iwe uli pomwepo. Anzawo anayi a mu ofesi muja adapirira motero, mwaulemu, osakhudza chibokosi chimene adaletsedwa, mpaka kalata idawapeza. Chimene adachita mayi awa n'china, ndipo chimawawa koposa: kuvomera kukhala mbuli pamaso pa mwana, kusekedwa, kufunsa kachinayi chinthu chimene mnzako amachichita akuyang'ana kumbali. Munthu wamkulu amatha kugona ndi njala osadandaula, koma kuti anene kuti "sindikudziwa, ndionetse" kwa mwana wobadwa iye akuona, pamafunika mtima wina. Ndipo zimandipweteka kuti mtolo wonsewu timausiyira munthu mmodzi. Ofesi ija ikadatha kuphunzitsa matayipisiti ake asanu pa mwezi umodzi. Idasankha kufunditsa nsalu.

Mtsikana wa m'kanyumba uja adali chete nthawi yonseyi, akusewera ndi chivindikiro cha foni. Amayiwo adamutembenukira.

"Ndiye iwe, za mayeso zija waganiza bwanji? Nthawi yolembetsa sidikira munthu."

"Amayi, ndinakuuzani. Ndili ndi zaka 24, ndili ndi mwana. Ndikakhale pa desiki ndi tiana ta 2008? Anzanga amene ndinalemba nawo ena amaliza ku koleji. Adzandiseka."

"Adzakuseka, inde. Sabata ziwiri. Kenaka adzayamba kukubwereka kope."

"Chingerezi chinandikana, amayi. Zina zonse ndinakhoza."

"Chingerezi sichikana munthu, si mwamuna. Ofesi ya MANEB ili m'tauni mommuno, umaidutsa tsiku ndi tsiku ngati ya eni ake. Tamvera. Iwe ukundiphunzitsa foni ulere, ine sindikonda ngongole. Ukatseka kanyumbako uzibwera muno theka la ola. Kalata, chimangirizo, kufupikitsa nkhani, zonsezo ndinazitayipa zaka makumi anayi. Mwana uzibwera naye, agona pa katoni ya mapepala apo. Wanga anakulira pansi pa tebulo."

Mtsikanayo sadavomere, sadakanenso. Adayang'ana kunja kumene madzi ofiira ankathamanga m'ngalande atanyamula mapepala a maswiti ndi zikonyo za chimanga. Wa kabaza adapukuta chishalo ndi mkono wa jekete, adaliza njinga, koma asananyamuke adatembenuka.

"Mami, za galimoto zija amaphunzitsa a TEVETA, munthu wa zaka ngati zanga amamulandira?"

"Ukabwere mawa ndi mapepala ako tidzaone. Usawapinde."

Adapita, matope akuthovukira m'mbali. Bambo a nsapato adandipatsa nsapato yanga n'kundiuza kuti ndisaponde m'madzi mpaka guluu atagwira, choncho ndidakhalabe pang'ono. Posakhalitsa babu la pakhonde lidaphethira kawiri n'kuyaka, ndipo m'kati mwa shopu makina a fotokope adayamba kung'ung'udza akudzitenthetsa. Nthawi yomweyo padafika mayi wina wovala zakuda, chitenje chonyowa chili kumutu, foni ili m'manja. Adati mwana wake wamutumizira chithunzi cha chikalata kuchokera ku Johannesburg, ndipo ku ofesi akuchifuna chili PDF komanso chopulinta.

Amayi aja adaimirira, adavala magalasi, adatsegula kabuku kofiira n'kukaika pambali pa foni. Chala chimodzi chinkatsata timizere ta pensulo, china chikudina. Poyamba padayenda, pachiwiri padayenda. Pachitatu adaima, adabwerera m'mbuyo, adayesanso, n'kuimanso.

"Iwe, tabwera! Apa pakuti 'share' pandisokonezanso."

Mtsikanayo adakoka kawindo ka kanyumba kake, adalowa m'shopumo n'kutambasula dzanja kuti alandire foniyo. Ndikutsika pakhondepo, ndikuponda mosamala pouma, ndidamva mawu awo kumbuyo kwanga.

"Ayi, usandichitire. Chotsa dzanja. Undiuze, ndidine ndekha."